Kaseti ya Simioni

Ku Malindi wayilesi sinkatayidwa isanadutse m'manja mwa Che Basil. Anali msodzi ngati anzawo, sukulu analekezera sitandade folo, koma pa za mawaya, ayi ndithu, anali katakwe. Ankatenthetsa msomali pa makala n'kumalumikizira mawaya ndi mtovu, mabatire otha n'kuwayanika padzuwa kuti abwezeko kamphamvu. Ngakhale achinyamata a chipani oyendera makadi aja ankachoka atasiya mawayilesi awo pakhonde. Chilema cha Che Basil chinali chimodzi, sankamva za munthu.

Mu 1983 mwana wawo mmodzi yekhayo, Simioni, anafera mumgodi ku Joni, ndipo anaikidwa komweko. Kumudzi kunangofika sutikesi, atanyamula mnzake Atumani. Munali bulangete, nsapato ndi kaseti imodzi.

"Anajambula mawu sabata yomwe anamwalirayo," anatero Atumani. "Anati amayi satha kuwerenga kalata, ndiye adzimvere okha."

Mudzi wonse unalibe choimbira kaseti. Akazi a Che Basil, mayi Marita, anafuna kupita nayo ku Mangochi boma, kumene wasitolo wina anali nacho.

"Mawu a mwana wanga akamveke m'sitolo, anthu akugula sopo?" anatero Che Basil. "Ine ndilipo. Dikirani, amake Simioni."

Mayi anadikira miyezi iwiri. Bambo anakatola zoimbira ziwiri zakufa ku Monkey Bay, mota n'kuchotsa kwina, swichi kwina, lamba n'kudula ku chubu cha njinga. Kunyanja anasiyiratu kupita.

Tsiku lina masana, mayi Marita ali kumunda, mota inazungulira. Chimwemwe chake! Kaseti ina yoyesera panalibe, ndiye Che Basil anaika ya Simioni yomweyo. Tepi inkayenda bwinobwino, koma sipika ili zii. Iwo n'kuti vuto ndi sipika basi. Gwire waya uyu, gwire uyo, tepi ikungoyenda mpaka kutha. Anaitembenuza n'kupitiriza mbali inayo. Safunsa anadya phula! Mbali yachiwiri ili pafupi kutha m'pamene anaona kuti mawaya awiri a paswichi anawasemphanitsa. Makinawo sankaimba ayi. Ankajambula, uku akufufuta mawu a Simioni.

Anazimitsa, n'kukonza mawayawo. Mtima unawauza kuti abise makinawo, koma mayi Marita anali atafika kale, khasu lili paphewa.

"Chatheka kodi?"

Che Basil anangogwedeza mutu movomera, ndipo mayiwo anathamangira kukasamba, n'kuvala nsalu yawo ya kutchalitchi, n'kudzakhala pamphasa ngati akulandira mlendo.

Sipika inalira. Munamveka tambala, kenako chifuwa, kenako mawu a Che Basil eni ake: "Iwe, tayankhula! Vuto lako n'chiyani?"

Mayi Marita anawayang'ana amuna awo. Sanatukwane, sanalire. Zikanakhala bwino akanatukwana. Anamvetsera mbali yonse, nati, "Tembenuzani." Che Basil anatembenuza misozi ikugwera pamakina, chisoni ndi manyazi zikuwadya pamodzi.

Kumapeto kwenikweni, pamene anazimitsira paja, munatulukira mawu a mnyamata, omveka bwino ngati wakhala pakhomo pomwepo.

"...ndiye zimenezo musaiwale, amayi. Tsalani bwino."

Tepi inatha. Mayi Marita anafunsa motsitsa mawu:

"Zimenezo ziti, abambo a Simioni?"

Che Basil anakhalabe ndi moyo zaka zina zisanu ndi zinayi, ndipo funso limenelo sanathe kuliyankha.