Chilonda cha Pamkono

Akulu anga akalambira m'kalasi ya ana oyamba kumene sukulu. Mabodza a ana awamva ochuluka moti masiku ano sakwiya nawo, amangoseka. Amati mwana wonama amayala nkhani ngati bedi la alendo, yopanda khwinya, ndipo ukamufunsanso amabwereza mawu omwewo. Wonena zoona amapita uku ndi uku, amaiwala, amadzikonza yekha, n'kukuuza ndi zosafunika zomwe.

Ine ndinkaziyesa nkhambakamwa za aphunzitsi, mpaka tsiku lina nditaweruka kuntchito ndinapeza mwana wanga wamkazi ali ndi chilonda cha moto pamkono. Anatsala ndi amuna anga, omwe si bambo ake omubereka.

"Ndapsa ndekha ndi simbi," anatero mwanayo, maso ali pansi.

Ndinaopa kuti wachita kuuzidwa zonena. Ngati bambowo anamuotcha, banja linali loti lithe tsiku lomwelo.

Ndinathamangira naye kwa akulu anga n'kuwafotokozera zonse. Iwo sanafunse kuti wakuotcha ndani. Anamukhazika pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kumupesa tsitsi, poti mwana amamasuka ngati simukuyang'anana.

"Tandiuza, mayi, zinayamba bwanji?"

"Ndimafuna kusita diresi la chidole. Ndinakwera pampando... ayi, kaye ndinakwera pandowa koma inaterereka. Ababa anali kubafa, amaimba kanyimbo kawo koipa kaja."

"Kenako?"

"Kaya, ndaiwala. Tsitsi la chidole linanunkha. Ababa anatuluka ndi sopo m'khutu, akukuwa, n'kundiviika mkono m'madzi. Analira ndi iwowo kuposa ine."

"Nanga umayang'aniranji pansi pouza amayi ako?"

"Amayi anandiletsa kugwira simbi."

Akulu anga anamufunsanso kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Mawu anasintha, koma nkhani inali yomweyo. Anandiyang'ana, chipeso chili m'manja.

"Za sopo m'khutu palibe angamuphunzitse mwana. Pita kwanu iwe, usandithere mpando."

Ndinalira, koma misozi yake inali ya kupepukidwa mtima.

Kunyumba ndinapeza amuna anga atakhala pakhomo, mankhwala opaka ali m'manja.

"Ndadziwa kumene munapita, ndiponso chifukwa chake," anatero. "Mwachita bwino. Mwanayu ndi wanganso. Mukanapanda kufunsa, ndikanakudabwani."