Kanyama ka m'Botolo

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anali munthu womva mawu amodzi n'kuthamanga nawo. Ankapikula matemba ku Chilwa n'kumagulitsa pa njinga m'midzi ya m'munsi mwa Michesi, wailesi ikulendewera pa handulo. Chipani chilichonse chikagawa malaya, iwo ankapezeka kuti ndi membala wake kuyambira kalekale. Kwathu anabwera ngati mkamwini ndi njinga yomweyo, ndipo zaka zonse zimene anadya pamudzi pathu sindikumbuka ngakhale nkhokwe imodzi imene anaimika.

Achemwali anayamba kutaya magazi nthawi yosayenera. Anabisa, monga amayi ambiri amachitira, mpaka ndinaona nsalu zimene ankayanika kuseri kwa bafa. Ine ndinali kuphunzitsa pasukulu yapafupi, ndiye ndinapempha tchuthi n'kuwatengera kuchipatala. Kumeneko anawadula kanyama kochepa ngati njere ya mpunga pakhomo la chiberekero, n'kukaika m'botolo la mankhwala kuti kakayezedwe ku Blantyre.

Tsiku lokamva zotsatira alamu anatiperekeza atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Adokotala, mayi wa ku Kasungu wolankhula mofatsa, anafotokoza bwinobwino. Anati kumene amayeza kuja amacheka kanyamako mopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kuthirapo mankhwala amene amakakamira kachilombo ka mtundu umodzi wokha, tina tonse n'kutisiya. Kakakhalapo, malowo amafiirira. Pa kanyama ka achemwali panafiirira.

"Ndi kachilombo kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero," anatero adokotala. "Si kaja ka Edzi ayi. Khansayo yangoyamba kumene. Mayi, mukapita msanga kuopaleshoni ku Blantyre, mudzalera ana anu."

Pa mawu onsewo alamu anatolapo amodzi: kachilombo. Masiku amenewo mawuwa analibe tanthauzo lina. Pa wailesi, kutchalitchi, pamaliro, munthu akangoti "uje ali nako", palibe ankafunsa kuti kachiyani.

"Adokotala, musatipite m'mbali," anatero alamu, uku akukankhira mpando wawo kutali ndi achemwali. "Ine wailesi ndimamvera. Kachilombo n'kamodzi."

"Bambo, tizilombo tilipo tambiri. Aka kamafala pogonana, inde, koma abambo ambiri amayenda nako osadwala, osadziwa n'komwe."

Apo ndiye alamu anakwiya ngati awatukwanira amayi awo. Iwo, amene ankagona ku Chilwa sabata zathunthu kudikira matemba amene anzawo ankagula m'mawa umodzi! Anatuluka osatsazika, ndipo titafika kunyumba tinapeza atamanga kale bulangete pakaliyala. Anabwerera kwawo ku Kaduya, ndipo paliponse anaima kugulitsa matemba, nkhani ya achemwali inali banyira.

Anthu anasiya kugula zitumbuwa za achemwali. Zimenezo sindinadandaule nazo kwambiri. Chimene chinandipweteka n'chakuti achemwali eni ake anakhulupirira amuna awo.

"Mng'ono wanga, usandivutitse," ankatero ndikawauza za ulendo wa ku Blantyre. "Kachilombo sikachoka ndi opaleshoni. Adokotala aja ankangondinyengerera. Bambo a ana amadziwa zinthu."

Ndinafotokoza za mankhwala okakamira mtundu umodzi aja mpaka pakamwa kuuma. Ankagwedeza mutu mondimvera chisoni, ngati wodwala ndine.

Ndinabwereka njinga kupita ku Kaduya. Alamu ndinawapeza pa golosale akusewera bawo, atavala malaya a chipani chatsopano. Ndinagwada, ine, pamaso pa munthu ameneyo.

"Alamu, sindikunena kuti mubwerere kubanja. Mudzangowauza achemwali kuti munamva molakwa. Inu akumverani."

Sanadzutse n'komwe mutu.

"Alamu, inu mwaphunzira, koma ine ndayenda. Chizungu chanucho musandipusitse nacho," anatero.

Kunyansidwa kumene ndinamva tsiku limenelo sikunandichokebe mpaka lero.

Mvula inagwa, anthu anapalira, anakolola. Achemwali anavomera ulendo uja pamene ululu unawalepheretsa kukhala pampasa. Ku Blantyre madokotala anawaona, n'kunditengera ine pambali kundiuza kuti tachedwa. Tinabwerako ndi mapilitsi opha ululu basi.

Pamaliro a achemwali, alamu anabwera ndi jekete lija. Analira mokweza kuposa ana amasiye, kuti onse amve. Thobwa litafika, anatulutsa kapu yawoyawo m'thumba, kuopa kumwera m'makapu a pakhomo pamene panali kachilombo. Ndinawathirira ndekha, mpaka kudzadza.

Alamu adakali moyo, anenepa, ndipo anakwatiranso kamtsikana ka kufupi ndi Chilwa. Ndimakaona pamsika katabereka mwana, ndipo ndimakadera nkhawa. Mankhwala aja anagwira ntchito yawo, anakapeza kachilomboko pa kanyama ka achemwali. Koma amene anakabweretsa pakhomo pathu, palibe anawadulapo kanyama.