Laputopu imene inagona mu mpunga

Ndikukumbukira sabata imene ndinasandukanso mwana wa sukulu, ndili ndi zaka sikisite-thuu, imvi zili mbuu, adzukulu akundiitana kuti agogo. Sukulu yeniyeni ndinalekezera Sitandade 6, ndipo Chichewa changachi n'cha m'kalasi ndi pa wailesi, ndiye Chitonga chikamalowerera mundikhululukire.

Nkhani inayamba ndi chiliza cha akulu anga, a Esinala. Panali patatha zaka ziwiri chimwalirireni, ndipo abale tinagwirizana zosindikiza matisheti okhala ndi nkhope yawo, monga achitira anthu masiku ano. Wosindikiza wa ku Mzuzu anati chithunzi chimupeze pofika Lachisanu. Chimene tinali nacho m'manja chinali cha pa chitupa cha unzika basi. Abale anga, chithunzi chimenecho! Tsiku lojambulitsa dzino linkawawawa, tsaya litatupa, diso limodzi likuyang'ana ku Kande, linalo ku Bandawe. Ife a kuno ku Chintheche mumatidziwa pa nkhani yotchena, koma a Esinala ankaonjeza. Munthu wosita ndi nsalu yopitira kumunda yomwe! Ankanena okha ali moyo kuti tikadzawaika pa malaya ndi nkhope yoipa adzatitsina mmodzimmodzi, ndipo ine ndikudziwa katsinidwe kawo.

Alamu anga ada Chirwa, amuna a malemuwo, ndiwo anakumbukira kuti mwana wawo Yotamu, amene amagwira ntchito ku Joni, anajambula amayi ake zithunzi zambiri atabwera pa Khirisimasi ina. Foni imene anajambulira anamubera komweko ku Joni, koma zithunzizo anaziikanso mu laputopu yakale imene anaisiya kumudzi.

"Ili kuti laputopuyo, alamu?"

"Ili bwinobwino mu mpunga."

Kunapezeka kuti denga litadontha, timadzi tinagwera pa laputopu. Ada Chirwa anali atamva kuti foni ikanyowa umaikwirira mu mpunga, ndiye anaitenga n'kuilowetsa m'thumba la mpunga wa ku Limphasa. Anthu ena amaika tsiku limodzi. Iwo mpunga ukatha ankaisamutsira m'thumba latsopano, kwa zaka zitatu.

Lachitatu masana tinainyamula kupita nayo kwa Madamu Nachisale, mphunzitsi wa ku sekondale amene ndimayandikana naye nyumba. Kwawo n'ku Ntcheu, mayi wamkulu ndithu, wosaseka wamba, ndipo mpaka lero kondowole amadya ngati akumwa mankhwala. Atangoitsekula laputopu ija, anankafumbwe anayamba kutuluka m'mabatani, ena ku A, ena ku Z, ngati anthu akuweruka ku tchalitchi. Madamu anatenga mswachi wakale n'kusesa batani lililonse.

Mavuto anali atatu. Batire lalikulu linafa, ndiye imayenera kukhala pa magetsi. Polowera chingwe cha tchaja panali pogwedera, munthu amayenera kuchigwira mopendeketsa. Batani loyatsira nalo linalowa mkati, limafuna kulibaya ndi kamtengo ka machesi n'kugwira kanthawi. Ada Chirwa sakanatha kugwira chingwe, manja awo ndi a ukalamba. Ine ndinayesa kugwira chingwe, koma ndikamalankhula manja amalankhula nawo, ndiye laputopu inkangothima. Madamu anandilanda, dzanja lina chingwe, lina machesi.

Inayaka! Ine ndinali nditayamba kale nthungululu, koma galasi linangokhala lakuda bii, ndi timizere tiwiri ta Chingerezi.

"Zithunzi zilimo," anatero Madamu, "koma makinawa aiwala poyambira. Mkatimu muli kabatire kakang'ono ngati ka wotchi, ndiko kamakumbutsa tsiku ndi njira. Katha mphamvu. Tiyenera kulowa m'kachipinda kake ka mkati, amati bayosi, tikawakumbutse."

Kachipindako kali ndi batani lake lolowera, ndipo akuti laputopu iliyonse ili ndi lakelake. Tinamuimbira Yotamu. Iye anangoti, "F2, kapena F12, kapena lija la pakona, yesani onse, abwana akubwera," n'kudula. Madamu anafufuza pa foni yawo n'kupeza kuti ndi F2. Anandionetsa, kali pamwamba, kabatani kochepa ngati nyemba.

"Manja anga onse ali pa ntchito, ndiye inu amayi ndinu odina. Ndikangoyatsa, dinani."

Anayatsa. Kanyali kanawala, kakupizira mphepo mkatimo kanalira, dzina la kampani linaoneka pa galasi n'kuzimirira, zonse zinakhala bata. Pamenepo ndinadina bwinobwino, kamodzi, mwaulemu. Timizere tija tili pompo.

"Mwachedwa, amayi. Tiyambirenso."

Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu chimodzimodzi. Kachinayi Madamu anati adine okha, anataya machesi kuthamangira batani, chingwe chinapulumuka, laputopu thi! Ada Chirwa, amene ndi mkulu wa mpingo, anavula chipewa n'kunena kuti mwina tiyambe tapemphera. Tinapemphera. Kachisanu chimodzimodzi.

"Amayi," anatero Madamu, mawu atayamba kufanana ndi a m'kalasi, "mukudikira chiyani kwenikweni?"

"Ndikudikira kuti ikhazikike."

"Ikhazikike?"

"Eya. Yangodzuka kumene, zaka zitatu ili chigonere. Ndiilankhule isanapume n'komwe?"

Apa ndiyenera kufotokoza, chifukwa Madamu nawo anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndili ndi zaka eyiti ndinkakhala ndi azakhali anga, kwathu timati ankhazi, mayi wamtali wa zala zolimba ngati mbano za nkhanu. Tsiku lina kunabwera mlaliki pa njinga, thukuta lili kamukamu. Ine chifukwa chosangalala ndinathamanga n'kumupatsa moni ali chiimire, mwendo umodzi ukadali pa njinga, n'kumufunsanso ngati watibweretsera masiwiti. Ankhazi anamulandira mlendoyo bwinobwino. Atangochoka anandigwira khutu ili, lakumanzereli, n'kundizungulitsa nyumba yonse. Amvekere, "Mlendo amayamba wakhala pansi. Apume, apukute thukuta, akuyang'ane. Kenako ugwade, ndiye ulankhule." Anandikhazika pa mpasa n'kundiyesetsa kakhumi, iwo akulowa ngati mlendo, ine ndikudikira. Khutu linatentha masiku awiri. Kuyambira tsiku limenelo, kaya ndi dokotala, kaya ndi kondakitala wa minibasi, ine ndimadikira kuti munthu akhazikike. Kangapo konse minibasi yandipitiriza pa siteji yanga chifukwa kondakitala anali asanakhazikike.

Nditawafotokozera, Madamu anaseka mpaka chingwe chinapulumukanso. Aka kanali koyamba kuona mano awo.

"Ankhazi anuwo ankanena za anthu. Ichi chimatsekula khomo kanthawi kochepa zedi, chikangodzuka kumene. Chikakhazikika ndiye kuti chatseka."

"Ndiye n'chamwano."

"N'chamwano, inde. Koma zithunzi zili kwa icho."

Tinayesanso. Mutu unamva, koma chala chinakana. Chinkafika pamwamba pa batani n'kuima chokha ngati chagwada. Ada Chirwa anayamba kunena kuti mwina chithunzi cha pa chitupa chija si choipa kwambiri, wosindikiza akhoza kuchepetsako tsayalo. Ine mtima unandipweteka. Ndinaona anthu handiredi atavala nkhope yotupa ya akulu anga kuyambira kutchalitchi mpaka kumanda, akazi a m'mudzi akugwirana pakamwa.

Nthawi imeneyo kuseri kwa nyumba amayi awiri ankasinja chinangwa chouma mu mtondo umodzi. Du, du, du, du. Madamu anatchera khutu.

"Inu munasinjapo awiriawiri?"

"Madamu, mukufunsa ine? Ine ndi a Esinala tinkasinja mpaka anthu kuima panjira."

"Munsi wanu unkadikira kuti chinangwa chikhazikike?"

"Ukadikira mnzako akuphwanya chala."

"Chitani zomwezo. Musayang'ane galasi, tsinzinani. Yambani kusinja batanilo ine ndisanayatse, ndipo musaleke."

"Kugogoda m'nyumba mulibe munthu?"

"Gogodani, akupezani akabwera."

Ndinatsinzina. Ndinamvetsera minsi ya kuseri ija n'kulowa pakati pawo ngati wachitatu. Ta, ta, ta, ta. Phewa linayamba kuvina lokha. Ndinamva machesi akubaya, kakupizira kakulira, ine osaleka.

"Yalowa!" anakuwa ada Chirwa, ngati ali ku mpira.

Nditatsekula maso, galasi linali la buluu, lodzaza mizere. Madamu ankati, "Basi amayi, lekani, lekani," koma chala chinali chitamva kukoma, mpaka anachita kuchichotsa ndi chigongono. Tsiku limene laputopu inkaganiza kuti tili, linali la chaka chimene ine ndinali ndi mano onse. Madamu, ndi dzanja limodzi lija linamasuka, anakonza tsiku, n'kuiuza kuti iyambire pa mbale ya mkati imene imasunga zinthu, n'kudina F10 kuti isunge zimenezo. Inathima, inayakanso yokha, inaganiza nthawi yaitali moti ndinakamwa madzi n'kubwerako. Kenako inaimba kanyimbo, zithunzi ting'onoting'ono tili mbwee. Madamu anati tisachedwe, pakuti chingwe chikangopulumuka iiwalanso zonse, ndiye anazikoperatu mu fulashi yawo yosungira zinthu tisanayambe kuonera.

A Esinala anatulukira pa galasi ali pakhonde, diresi la buluu, nsapato zazitali, akuseka mutu utapendekeka. Ada Chirwa anayamba kupukuta maso, chipewa chili pa bondo. Inenso misozi inali itayamba kulengeza, mpaka nditayang'ana kumutu.

"Madamu, takulitsani apo."

Unali mpango wanga. Wobiriwira, wa maluwa achikasu, umene malemu amuna anga anandigulira ku Mzuzu. Unasowa pa ukwati wina zaka zambiri zapitazo, ndipo ine ndinkakayikira ndithu kumene unapita. Koma wamng'ono angafunse bwanji wamkulu nkhani yotero? Ndinkati ndidikire tsiku labwino. Ndikapita n'kupeza akuphika, ndinkati amalize. Ndikapeza alendo, ndinkati achoke. Kenako anadwala, ndiye ungafunse mpango kwa wodwala?

Nthawi ino sindinadikire. Ada Chirwa anali akupukutabe maso pamene ndinati, "Alamu, mpango wanga uli kuti?"

Anayang'ana galasi, anayang'ana ine, kenako mapewa anayamba kugwedera ndi kuseka.

"Uli mu sutikesi, wosita. Ankati, mng'ono wangayu akadzangofunsa ndimupatsa, koma amangobwera n'kumandiyang'ana kumutu."

Lachinayi m'mawa fulashi inakwera minibasi ya ku Mzuzu. Pa tsiku la chiliza anthu onse anavala a Esinala akuseka atamanga mpango wanga, ine ndili pakati pawo nditamanga womwewo kumutu. Amene anafunsa ndinawauza zoona.

Ankhazi sanalakwe, mlendo azikhala pansi ndithu, ndipo adzukulu anga ndimawaphunzitsa zomwezo, khutu lokha sindigwira. Chimene ndazindikira mochedwa n'chakuti ine ulemu ndinaufikitsa ndi pamene sunkafunika. Akulu anga ankadikira kuti ndifunse, ine ndikudikira kuti akhazikike, mpaka wina anapita. Masiku ano ndikakhala ndi mawu ndi munthu wamoyo, ndimamuuza ngakhale akupalira moto.