Wosoka Nsapato Asankha Galimoto

Apongozi ake a mphunzitsi wina ndi osoka nsapato. Za injini sadziwa n'komwe, koma ogula galimoto zakale amawadalira. Iwo amati, "Galimoto ikamafera panjira, nsapato za mwini wake zimaulula."

Mphunzitsiyo atapeza galimoto yaitali kumbuyo yokwana tindalama take, anapita ndi apongozi akewo kukaiona. Wogulitsa anatuluka atavala nsapato zosatha chidendene, mphunzitsi mtima n'kukhala pansi.

"Tatiitanirani mayi akunyumba," anatero apongozi.

Mayiwo atafika, apongoziwo anawerama kuyang'ana kumapazi kwawo. Nsapato zawo zinali zitaperepeseka kutsogolo kokha.

"Pepani mayi, galimotoyi mumaikankha kangati pa sabata?"

"Tsiku lililonse bambo, kupatula Lamlungu. Lamlungu amatikankhira a kwaya."

Mphunzitsi anagwira thumba lake zolimba, n'kutsanzika.