Buloko la Mtedza la Stelia

Stelia ndi mwana wa matenanti a fodya ochokera ku Mulanje. Anakulira pafupi ndi nyumba yanga ku Kapondo, ndipo chimwalirireni amuna anga, ndiye amandithandiza kukumba mtedza.

Bungwe lina litabweretsa makompyuta ku kalabu yathu ya alimi, Stelia anaphunzira kupanga mapulogalamu polumikiza mabuloko pa sikirini, ngati mmene amayalira njerwa. Mabuloko ambiri amangolamula kompyuta zochita. Iye anadzipangira lake lobweza yankho: ukalembamo mtundu wa mtedza ndi tsiku lobzala, limakuuza masiku otsala kuti ukumbe.

Bungwelo linkafuna kutumiza munthu mmodzi ku maphunziro ku Lilongwe, ndipo linakonza chionetsero cha mapulogalamu kuti lisankhe wopita. A Greyson, osunga makiyi a chipinda cha makompyuta, anakopera buloko lija pa fulashi n'kulembapo dzina lawo. Stelia atadandaula, iwo anati, "Iwe ntchito yako n'kusesa muno. Mwana wa tenanti angapange pulogalamu?"

Sanalire. Anandipeza ndikusola mtedza wambewu.

"Amayi, buloko abalo n'lakale, ndinali nditangoikamo mtedza wa CG7 wokha. Tsiku la chionetsero mudzafunse za Chalimbana."

"Ine? Pagulu?"

"Funso limodzi basi. Nawonso alawe manyazi."

Tsikulo a Greyson anamanga tayi. Analemba CG7, yankho linatuluka, anthu m'manja phwaphwaphwa. Ndinaimirira.

"Bambo, ine ndabzala Chalimbana dzulo. Ndidzakumba liti?"

Analemba. Buloko linabweza ziro.

"Masiku ziro!" anakuwa a Joe, mlimi wanthabwala wa m'kalabu mwathu. "Mayi, thamangani ndi khasu mbewu isanamere!"

Holo yonse inafa ndi phwete. Mkulu wa bungwe anati, "Poti munalipanga ndinu, likonzeni tione." A Greyson anadina apa, anadina apo, thukuta kamukamu. Stelia anawasiya avutike kaye mpaka ndinayamba kuwamvera chisoni, koma pang'ono. Kenaka anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kutsegula m'kati mwa bulokolo, n'kuwonjezera Chalimbana pa mndandanda wa mitundu. Yankho loyenera linatuluka.

Ku Lilongwe kunapita Stelia. A Greyson pano pamsika amawatchula kuti a Ziro. Stelia akaimba foni, asanafunse za moyo wanga, amayamba ndi lakuti, "Akuwatchulabe?"

Ndimati eya. Sindinamuuze kuti dzinalo ndinawapatsa ndine.