Mphete Imene Ndinakwecha pa Galasi la Zenera

Ndamva kangapo, ku msika wa Limbuli ngakhalenso pabwalo la tchalitchi, anthu akusimba za chithunzi cha nyenyezi chimene chapachikidwa pabalaza panga. Amati mmisiri wokonza njinga ndiye anandipulumutsa, kuti anangogunditsa chitsulo changa pa galayinda, makina ake onolera zitsulo, kamodzi, zonse n'kutheka. Ena amawonjezera kuti ndinatha mwezi wathunthu nditalumikiza lenzi ya kamera chozondotsa. Zonsezi si zoona. Munthu amene anajambula maukwati zaka makumi atatu sangazondotse lenzi, ndipo galayinda sanayandikire chitsulo changa.

Ndinali kalaliki pa esiteti ya tiyi, ndipo Loweruka ndinkajambula zithunzi. Kamera yanga ya filimu inafa kale, koma lenzi yake ndinaisunga m'chitini cha mabisiketi, yokulungidwa m'nsalu. Nditapuma pa ntchito, mwana wanga wamkazi amene ali ku Joni ananditumizira kamera yojambulira nyenyezi. Ndi kachitsulo kofanana ndi chitini cha mkaka, kopanda lenzi, ndipo zimene kakuona zimaonekera pa laputopu. Anatumizanso adaputa, mphete yachitsulo yolumikizira lenzi yakale ku kamera yatsopano. Mpheteyo inayenda miyezi itatu kuti indipeze, ndipo inali imodzi yokha.

Nditalumikiza zonse bwinobwino, nyenyezi zinatuluka ngati madontho a phala. Ndinapotokola lenzi mpaka pomalizira, koma sizinasinthe.

Mkazi wanga anali ndi maganizo ake. Wamalonda wina wa ku Muloza anali atafunsapo kale za lenziyo.

"Abambo, chinthu chikakalamba chakalamba," anatero. "Muwapatse a ku Muloza aja. Mwana akugulirani ina yogwirizana ndi kamerayi."

"Lenzi imeneyi inajambula ukwati wa mng'ono wanu, mayi."

"Ukwatiwo unatha. Ikakana mpaka kumapeto kwa mwezi uno, ipite."

Ndinavomera.

Ndinasiya kuvutika ndi mdima n'kuyamba kuyesa masana. Kwa lenzi, thanthwe la Chambe, la paphiri loonekera pakhonde pathu, lili kutali mokwanira kuimira nyenyezi. Ndinaona kuti mtengo wa mango wa anansi athu ukuoneka bwino, tsamba lililonse palokha, koma Chambe ali mbuu. Apa ndinazindikira vuto. Lenzi ikatalikirana ndi kamera mopitirira muyeso, imaona zapafupi zokha. Mphete ija inali yochindikala pang'ono.

Koma pang'ono bwanji? Ndinachotsa mpheteyo, n'kudula timphete tambiri kuchokera ku zikuto za makope akale. Ndinatisanjikiza pakamwa pa kamera, n'kugwirizira lenzi pamwamba pake ndi dzanja. Ndinkachotsa kamodzikamodzi, diso lili pa laputopu, mpaka ming'alu ya thanthwe inaoneka ngati yolembedwa ndi cholembera. Nditaimika mulu wa zikutowo pambali pa mphete, mphete inaposa ndi zikuto ziwiri. Muyeso umenewu ndinaupeza ndekha, pakhonde panga, ndipo ndikufuna kuti zimenezi zidziwike.

Ndinakwera kabaza kupita kwa mmisiri uja ku Limbuli. Ndi munthu waluso ndithu, koma wachangu. Anaitembenuza mpheteyo m'manja mwake mwakuda ndi girizi.

"Izizi, madala? Ndigunditse pa galayinda apa, muone. Mphindi imodzi."

"Choyamba, achimwene, ine si madala. Chachiwiri, mukadya mbali imodzi kuposa inzake, nyenyezi za kumanja zidzaoneka, za kumanzere ayi. Ndipo chitsulo chimene mwachotsa simungachibwezere."

"Akalaliki, inu mumaopa ngati mukuchinja ng'ombe ya eni!" Anaseka, anzake a kabaza n'kusekanso. Kenaka anakanda m'mutu. "Ndiye musagwiritse makina. Yalani sandipepala pa galasi. Galasi silinama, ndi lathyathyathya. Muzikwecha mozungulira, mukutembenuza mpheteyo, osakanikiza."

Nzeru imeneyo inali yake, ndipo ndikuivomereza poyera. Manja okha ndiwo anali anga.

Kunyumba ndinazula galasi limodzi pa zenera la kuchipinda. Mwatsoka, tsiku lomwelo chiperoni chinatsika, phiri lonse n'kubisika m'nkhungu, mphepo yozizira n'kumalowera pa mpata uja.

"Tizizidwe chifukwa cha nyenyezi zanu?" anafunsa mkazi wanga, akutseka mpatawo ndi katoni.

Ndinakwecha masana atatu. Ndinkawerenga maulendo makumi awiri, n'kupukuta fumbi lachitsulo, n'kuyerekeza ndi mulu wa zikuto uja. Koma Chambe wosaoneka, sindikanatha kutsimikiza ndi lenzi yeniyeni. Tsiku lachitatu chala changa chinkamvabe kampata kakang'ono, ndipo mtima unkati ndipitirize. Ndinaika sandipepala pansi. Mwezi unali utatsala masiku anayi, komabe ndinasankha kudikira phiri kusiyana ndi kukwecha mwakhungu.

Linatuluka m'mawa wa tsiku lachisanu. Ndinamanga mphete, ndinamanga lenzi, n'kuyamba kupotokola pang'onopang'ono. Mango anazimiririka. Thanthwe linayamba kubwera, ndipo lenzi itangotsala pang'ono kufika pomalizira, ming'alu yonse inaima bwinobwino, kuyambira ngodya ina ya chithunzi mpaka inzake. Panalibenso chifukwa chokwechera.

Madzulo ake, titangotha kudya, ndinaloza kamera ku mlalang'amba umene unali pamwamba pa denga lathu. Ndinaitana mkazi wanga. Anabwera atafunda chitenje, n'kuwerama pa laputopu. Nyenyezi zinali ngati mchere wothiridwa pa nsalu yakuda, zambiri kuposa zimene maso athu ankaona kumwambako. Anayang'ana kumwamba, anayang'ananso pa laputopu.

"Zonsezi zili pamwamba pa nyumba yathu ino?"

"Zakhalapo masiku onse, mayi."

Anaweramuka. "A ku Muloza aja akabwera, ndiwauza ndekha kuti palibe chogulitsa. Koma galasi langa libwerere pa zenera."

Poti ena amanenanso kuti ndinawononga chuma chambiri, nazi zonse zimene ntchitoyi inandidyera:

Kabaza wa ku Limbuli, kupita ndi kubwera, ulendo umodzi.
Sandipepala, mapepala atatu: limodzi lokhakhala, awiri osalala.
Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la mmisiri, amene anakana malipiro.
Makope akale asanu ndi limodzi, otsala opanda zikuto.
Galasi la zenera limodzi, latsopano, poti lakale linakalika.
Khungu la nsonga za zala ziwiri.
Kusindikiza chithunzi ndi felemu yake.
Kamera ndi mphete: mphatso ya mwana.
Lenzi: inalipo kale.