Abambo Anati Mundawo Si Wawo

Munda wathu unali kuseri kwa njanji, pomwe tauni ya Balaka inkathera masiku amenewo. Unali wa amayi, monga unalili wa amayi awo, ndipo ine, mwana wamkazi yekhayo, ndinkadziwa kuti udzakhala wanga. Munali misangu ikuluikulu imene inkayoyola masamba mvula ikayamba. Chimanga cha pansi pake chinkabiriwira ngakhale chaka cha ng'amba, moti feteleza tinkangomumvera kwa anzathu. Pakati pa mizere amayi ankabzala nandolo, khobwe ndi maungu. Mapesi sitinkawotcha, tinkawakwirira pamodzi ndi manyowa a mbuzi.

Tauni inkatiyandikira chaka ndi chaka, ife osalabadira. Tsiku lina kunabwera anthu a boma oyeza malo, atanyamula zikhomo ndi tcheni. Anapeza abambo akupalira.

"Bambo, mundawu ndi wanu?" anafunsa mmodzi.

"Iyayi bwana, si wanga. Ine ndine mkamwini chabe."

Abambo anali munthu waulemu wochita kunyanya, koma apa sananame. Kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo kunena kuti munda wa kumeneko ndi wake n'chipongwe. Woyenera kuyankha anali amjomba, alongo awo a amayi, koma iwo anali ku nyanja ya Chiuta kukapikula nsomba zouma. Amayi anali pomwepo, atagwada chapatali, khasu lili pambali. Palibe anawafunsa, ndipo iwo sakanayamba okha kulankhula ndi alendo aamuna.

Alendowo anagwedeza mitu n'kuyamba kukhoma zikhomo. Kwa iwo, munda umene mwamuna waukana unali wopanda mwini.

Amjomba atabwerako anakalipa mpaka nkhuku kuthawa, n'kuliyatsa la ku ofesi. Anabwerera atazizira. Kumeneko anawauza kuti mapulani anatha kale, padzadutsa msewu ndipo padzamangidwa nyumba, ndiye ngati pali wokana chitukuko adziwike bwinobwino. Zaka zimenezo mawu otere ankakwanira kutseka munthu pakamwa.

A boma anatilola kukolola basi. Kenaka dothi lakuda la m'mundamo analiumba njerwa, misangu n'kuigwetsa kuti awotchere njerwazo. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo msewu umenewo ndimaulambalala.

Tinapempha malo cha ku Utale, pouma, pamiyala. Amayi sanawadzudzule abambo ngakhale kamodzi, koma abambo ankalima kumeneko ngati akulipa mlandu, mpaka msana unapindika. Timitengo timene anabzala tinadyedwa ndi mbuzi za eni mudzi. Malowo anali obwereka, ndipo makolo anga atamwalira eni ake anawatenga.

Ana anga aakazi anabadwira m'nyumba ya lendi. Wamkulu atapeza banja, akuchimuna anabwera, anakhala pamphasa, n'kufunsa mwaulemu kuti mwana wawo azidzalima pati. Ndinangoyang'ana pansi. Ndinalibe poti ndiwalozere.